Benz yakale igona bwanji panja m'nyengo yozizira ya ku Glasgow?

Funso

Ndimakhala ku Glasgow, chaka chachinayi tsopano. M'mwezi wa Meyi ndinagula Mercedes-Benz 230E ya 1983, zija za mtundu umene amautcha W123, yofanana ndi imene malume anga ankayendera ku Zomba ine ndili mwana. Ndimaitulutsa Loweruka kapena Lamlungu lokha, kuntchito ndimapita pa sitima. Galaja ndilibe, koma kuseri kwa nyumba kuli malo, mbali ina kapinga, mbali ina simenti. Ndikufuna kuiimika kuyambira Novembala mpaka Epulo. Ndagula kale lona lalikulu lapulasitiki loti ndiifunditse, ndipo ndaganiza zoti ndiziliza injini mphindi zisanu Lamlungu lililonse kuti isafe. Kodi zimenezi zikukwanira?

Yankho

Achimwene, mwachita bwino kufunsa lonalo musanalitambasule. Zonse ziwiri mwakonzazo, lona ndi kuliza injini mphindi zisanu, zikuchokera mumtima wokonda galimoto, koma ndi zimene zingaiwononge msanga kuposa kungoisiya pamtetete. Mundipirire, ndifotokoza mofatsa, chifukwa W123 imene yafika zaka zoposa 40 ili yamoyo si yoti ithere m'manja mwathu.

Ife amene tinakulira kwathu tikamva za nyengo yozizira ya kuno timaganiza kuti mdani wa galimoto ndi kuzizira, ndiye timafuna kuifunditsa ngati mwana. Koma chitsulo sichimva chisanu. Chikhoza kukhala pozizira koopsa miyezi yambiri osasintha, bola chikhale chouma. Chimene chimadya magalimoto ku Scotland ndi chinyezi, ndipo chikakumana ndi mchere umene amathira m'misewu kuti madzi asaundane, dzimbiri limakula ngati udzu wa m'dambo. Ganizani chiperoni cha ku Thyolo, koma chosati cha masiku atatu, chongopitirira miyezi isanu, ndipo mu Disembala usana ndi wa maola 7 okha. Chimene chanyowa mu Novembala sichiona dzuwa loti n'kuchiumitsa mpaka Malichi. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Kumudzi timadziwa kale kasungidwe kake, kungoti timachita ndi chimanga. Palibe amene amalonga chimanga chosauma. Nkhokwe timaiimika pamwamba kuti isakhudze dothi, pamwamba timaika denga, koma m'mbali mphepo imalowa n'kutuluka. Ndiye tayesani kuthira chimanga chachinyezi m'thumba lapulasitiki n'kumanga pakamwa, muone chuku chake pakatha mwezi. Lona lanulo ndi thumba limenelo.

Chaka choyamba nditayamba ntchito m'galaja kuno, bambo wina anabweretsa galimoto yake yakale imene inagona m'lona kuyambira Okutobala. Anailimanga bwinobwino ndi zingwe mpaka kumatayala. Titaiona, penti wa pa boneti ndi padenga anali atatuluka tiziphuphu ting'onoting'ono ngati nsungu, ukamasisita ndi chikhatho n'kumamva kukhakhala. M'makona onse, mmene mphepo inkakwapulitsa lonalo usiku ndi usana, penti anali atapalika mpaka kuonekera wapansi. Nditatsegula chitseko, fungo lake linali la chimanga chowola. Malamba a pamipando anali mbuu ndi chuku, chiwongolero chimodzimodzi. Mwini wakeyo anaima duu, osayankhula, ndipo nkhope yake sindinaiiwale. Iye anachita zonse chifukwa choikonda galimotoyo.

Zimene zimachitika n'zakuti nthaka imatulutsa nthunzi ngakhale kukuzizira. Nthunziyo imakwera, n'kupeza pulasitiki, n'kusowa potulukira. Usiku chitsulo chikazizira, imasanduka madontho pa penti, m'zitseko, pa mawaya, paliponse. Masana kukafundirako pang'ono imaukanso, usiku n'kugwanso. Galimoto imakhala ikusamba tsiku ndi tsiku m'kati mwa lona limene mumati likuiteteza ku mvula.

Choncho tiyambire pamalo. Kapinga muiwaleni, galimoto iime pa simenti. Dothi ndi udzu zimapumira chinyezi kumimba kwa galimoto, kumene kuli mapaipi a mabuleki ndi a petulo. Ngati simentiyo ili yotsetsereka pang'ono, ndi bwinonso, madzi sadikha pansi pake. Isakhale pansi pa mtengo, chifukwa masamba ndi amene amatseka tinjira ta madzi, komanso nthambi zimathyoka. Isakhale moyandikira kwambiri denga la nyumba kapena mpanda wamatabwa wogwedera. Amene munali ku Glasgow mu Januwale 2025 munaona zimene mphepo ya Storm Éowyn inachita ndi mipanda ndi matailosi a padenga. Musaiunjikize pakona pamene mphepo sifika. Pamalo podutsa kamphepo ndi pamene pamauma msanga.

Tsopano kuitsuka. Tsiku lomaliza kuiyendetsa likhale misewu isanayambe kuthiridwa mchere, kapena ngati yathiridwa kale, mutsuke kunsi mwakhama. Mchere umenewu uli ndi khalidwe lofanana ndi wa kukhitchini kwathu m'nyengo yamvula: umakoka chinyezi mumpweya n'kukhala wonyowa. Matope a mchere akakakamira m'mphepete mwa mapiko, pamwamba pa matayala, amakhala ngati chinkhupule chonyowa chomatidwa pa chitsulo miyezi yonseyo. Lowetsani dzanja kuseri kwa mkombero wa phiko lakumbuyo, muzikanda ndi zala, mudabwa dothi limene ligwe. Mutsuke ndi paipi mpaka madzi azituluka oyera. Kenako muyende nayo pa tsiku louma kwa theka la ola kapena kuposa, kuti mphepo ndi kutentha ziumitse kunsi ndi mabuleki. Galimoto yotsukidwa n'kuimikidwa pomwepo ili yonyowa yayamba kale ulendo wa dzimbiri. Ikauma, ipakeni polishi wa sera pa penti, ndi kamafuta kapena sera yemweyo pa mabampala ndi zonse zonyezimira.

Pano ndikhalitsepo, chifukwa W123 ili ndi malo ake amene imadwalira. Injini zake ndi zolimba, n'chifukwa chake zinadzaza m'misewu ya mu Africa, koma zambiri mwa zimene zinatha kuno ku Ulaya zinatha thupi, injini ikadali ndi moyo. Tsegulani boneti, muyang'ane m'makona awiri akumbuyo, mmene mumalowa mahinjesi ake. Muli timaenje, ndipo pansi pake pali tiziboo totulutsira madzi. Masamba akawolera mmenemo, tiziboo timatseka, madzi amadikha, chitsulo chimabowoka, ndipo madziwo amatsikira kumapazi a dalaivala ndi a wokwera kutsogolo. Chotsani zinyalala zonse ndi zala, pisani kawaya kofewa m'tiziboomo, thiranimo kapu ya madzi muone ngati akutulukira pansi. Chitani chimodzimodzi ndi mipata ya pansi pa windisikirini, ndi tiziboo ta pansi pa zitseko. Ngati yanu ili ndi denga lotsegula, m'makona ake anayi muli timapaipi totsitsa madzi, nato muyese ndi kapu ya madzi. M'buti, vundukulani m'mbali monse muwiri ndi mmene mumagona tayala la sipeya. Mukapezamo madzi, kawirikawiri amalowera pa mphira wa galasi lakumbuyo kapena wa magetsi akumbuyo.

Kenako tukulani makapeti, osangowakhudza pamwamba. Pamwamba pakhoza kukhala pouma gwa, koma chinkhupule cha pansi pake chitamwa madzi ngati thonje. Kanikizani ndi chala. Mukaona madzi akutuluka, chotsani zonse zimene zingachoke mukaziumitse m'nyumba, zikagone komweko mpaka Epulo, ndipo pezani polowera madziwo galimoto isanaimikidwe. Galimoto yothonya singasungike panja, ngakhale mutagula chophimbira chodula chotani.

Mukagwada kuyang'ana kunsi, muone mabowo anayi olowetsamo jeke ndi zitsulo zazitali za pansi pa zitseko. Mercedes inkamata kunsi phula lokhuthala, ndipo likakalamba limang'ambika, madzi n'kulowa kuseri kwake, dzimbiri n'kumadya mobisala phulalo likuoneka labwinobwino. Pamene patukuka, kanikizani ndi chala chachikulu. Pakamveka kuphwanyika ngati chikhokho cha nsima, pamenepo pakufunika wowotcherera, osati kupakapo phula lina. Kumata phula lakuda pamwamba pa dzimbiri ndi kufunditsa chilonda chosatsuka. Pamene chitsulo chili chabwino, ndi m'kati mwa zitseko ndi m'mphako zonse, mupoperemo sera wamadzimadzi woteteza dzimbiri, monga Waxoyl kapena Dinitrol, galimoto ili youma. Ngati pali ndalama imene ndingakuuzeni kuti musaiumire, ndi imeneyi.

Nanga chofunda? Pali zophimbira zopangidwira panja, zansalu yopuma: mvula sizilowetsa kwenikweni, koma nthunzi zimatulutsa, ndipo m'kati mwake ndi mofewa. Mugule cha saizi ya galimoto yanuyo, chokhala ndi malamba odutsa pansi, chifukwa chachikulu mopitirira chimakupiza ndipo chimapala penti ngati lona lomwe lija. Muchiveke pa galimoto yoyera ndi youma basi, popeza kamchenga kotsalira pansi pa nsalu yogwedezeka ndi mphepo kamasanduka sandipepala. Chisafike pansi penipeni, mphepo izidutsa kunsi. Ndipo si choveka mu Novembala n'kudzavula mu Epulo. Tsiku louma la kamphepo likapezeka, chivuleni, tsegulani zitseko ndi buti kwa ola limodzi kapena awiri, zonse zipume. Kukalengezedwa mphepo yamkuntho, ine ndimachotseratu. Ndinene mosabisa: ngati ndalama ya chophimbira chabwino palibe, galimoto yopakidwa sera bwino, yosathonya, ili bwino kukhala yosafunda kusiyana ndi kufunda pulasitiki. Lona lanulo mufunditsire nkhuni kapena njinga za ana.

M'kati mwa galimoto musasiyemo chakudya chilichonse, ngakhale nyenyeswa za bisiketi pansi pa mpando. Mawindo ine ndimatseka, n'kuikamo zoyamwa chinyezi. Matumba a silica ndi abwino chifukwa akakhuta mumakawaumitsa m'nyumba n'kuwabwezera. Timabokosi tija tosandutsa chinyezi kukhala madzi timagwiranso ntchito, koma madzi akewo ndi amchere woopsa pa chitsulo, ndiye muziike m'beseni ndipo muzitaya kawirikawiri. Malamba a pamipando muwasolole n'kuwamanga kuti asagone atakulungika ndi chinyezi. Mphira wa m'zitseko mupake mafuta a silicone kuti asamatirire ndi madzi oundana, ndipo pansi pa mawaipa muikepo kansalu kapena muwatukule.

Pali malo amodzi pamene kuzizira kwenikweniko kumapha galimoto usiku umodzi, ndipo ife a kwathu ndi amene timagwa m'mbuna imeneyi. Tinazolowera kuti radiyeta ikachepa madzi timatunga a pampopi n'kuthira. Ku Lilongwe kapena ku Mangochi vuto lake limangokhala dzimbiri la pang'onopang'ono. Kuno madzi akaundana amafufuma pafupifupi 9 peresenti, ndipo mphamvu yake imang'amba chitsulo cha injini. Ndinaonapo ndi maso anga galimoto ya m'bale wathu wina amene ankangowonjezera madzi a pampopi chilimwe chonse chifukwa paipi inkadontha pang'ono. Kutacha m'mawa wina wa chisanu, kachitsekerero kachitsulo ka m'mbali mwa injini kanali katatumphuka, madzi oundana atatuluka pabowopo ngati chala. Iyeyo anachita mwayi, ena injini imang'ambika yonse. Musanene kuti ku Glasgow sikuzizira kwambiri. Zaka zambiri n'zoona, koma ku Scotland komweko kunafikapo -27.2°C, ku Braemar mu 1982 ndi ku Altnaharra mu 1995, ndipo ngakhale kuzizira kocheperapo kuposa apo n'kokwanira kuumitsa madzi opanda mankhwala.

Galimotoyi mwaigula mu Meyi, simukudziwa chimene mwini wake wakale anathiramo. Mtundu wa madziwo usakunamizeni. Kachipangizo koyezera antifreeze, mankhwala oletsa madzi a mu radiyeta kuundana, n'kotchipa, ndipo galaja iliyonse ingakuyezereni m'kamphindi. Theka antifreeze, theka madzi, zimapirira mpaka cha m'ma -36°C. Ngati simukudziwa zaka zimene wakhalamo, khuthulani yense muthire watsopano, chifukwa mankhwala oletsa dzimbiri amene amakhala mmenemo amatha mphamvu, ndipo mutu wa injini yanu ndi wa aluminiyamu. Mufunse wogwirizana ndi muyezo wa Mercedes wa 325.0, ndipo musasakanize mitundu mwachisawawa. Mukathira, injini iyende mpaka itenthe, hita ili yotsegula, kuti afike paliponse. Wotayikira pansi mupukute msanga, ndi wotsekemera ndipo amapha amphaka ndi agalu. Botolo la madzi otsukira windisikirini nalonso muthiremo mankhwala a nyengo yozizira, n'kupopa kangapo kuti afike m'timapaipi.

Za petulo. Kuyambira Sepitembala 2021, petulo wamba wa ku England, Scotland ndi Wales ndi E10, kutanthauza kuti ethanol akhoza kufika magawo 10 pa 100. Kwa ife si zachilendo, kwathu petulo wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wa ku Dwangwa kuyambira 1982. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu galimoto imayenda tsiku lililonse, petulo sagonera m'thanki. Ethanol amakoka madzi mumpweya, ndipo akakhuta, madzi ndi ethanol zimalekana ndi petulo n'kukhazikika pansi pa thanki, pamene pampu imayamwira. 230E yanu ilibe kabuleta, ili ndi makina opopera petulo mu injini otchedwa K-Jetronic, a kampani ya Bosch, ndipo m'kati mwa chogawa petulo chake muli kachitsulo koyenda mothina kwambiri moti kadzimbiri kochepa kapena utomoni wa petulo wakale zimakagwira. Kukonza chimenecho ndi ndalama zambiri, ndipo amakaniko ochidziwa akuchepa. Ndiye ulendo womaliza mudzaze thanki ndi petulo wa super, wolembedwa E5 pa pampu, amene ethanol wake sapitirira magawo 5 pa 100, muthiremo mankhwala osungira petulo monga mwa muyezo wa pabotolo, n'kuyenda mphindi 15 kuti afike mpaka ku injini. Thanki yodzaza imasiya malo ochepa a mpweya, ndiye m'kati mwake simuchita thukuta.

Oyilo musinthe musanaimike, osati podzaidzutsa. Oyilo wogwira kale ntchito amakhala ndi asidi ndi madzi, ndipo si bwino kuti zitsulo za m'kati mwa injini zigone mmenemo miyezi isanu.

Tibwere ku mphindi zisanu za Lamlungu zija. Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa madzi pafupifupi lita imodzinso. Utsi woyera umene mumauona ku ekizosi m'mawa wozizira ndi nthunzi imeneyo. Injini ikatentha bwino pa ulendo, madziwo amatuluka onse. Koma mukailiza ili chiimire kwa mphindi zisanu, ekizosi imakhala ikadali yozizira, nthunzi imasanduka madzi n'kudikha m'mabokosi ake, ina imatsikira mu oyilo. Tsegulani chitsekerero cha oyilo cha galimoto yolizidwa motero, mupeza phala loyera kunsi kwake. Kuwonjezera apo, injini yozizira imamwa petulo wambiri, amene amatsuka oyilo m'makoma a masilinda, ndipo mphamvu imene sitata yatenga m'batire sibwerera m'mphindi zisanu. Mukatero Lamlungu lililonse kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndiye kuti mwaidzutsa ili yozizira maulendo oposa 20 popanda phindu lililonse. Lamulo langa ndi ili: mukailiza, muiyendetse mpaka muvi wa kutentha ufike pa 80 ndipo mupitirirebe kwa theka la ola, pa tsiku louma, misewu itatsukidwa ndi mvula mchere utachoka. Ngati tsiku lotero silikupezeka, isiyeni igone. Injini ya oyilo watsopano sivutika ndi tulo ta miyezi isanu.

Batire ndiye silingagone osasamalidwa. Lodzaza limaonetsa mavoti pafupifupi 12.6. Likatsika pansi pa 12.4 n'kukhalitsa, limayamba kuwonongeka m'kati, ndipo likafa kwathunthu madzi ake amatsala pang'ono kufanana ndi madzi wamba, moti akhoza kuundana n'kuphulitsa chikhokho. Wotchi ya pa dashibodi ndi wailesi zimayamwa pang'onopang'ono ngakhale kiyi ali m'thumba. Popeza galimoto ili panja, chapafupi n'kulichotsa: yambani kumasula waya wa negativi, kenako wa pozitivi, mukalisunge m'nyumba pamalo ouma, kutali ndi moto, n'kumalitchaja kamodzi pamwezi, kapena kulisiya pa tchaja ija yodziletsa yokha likadzaza. Kulichotsa kuli ndi phindu linanso. Mbale imene limakhalapo pa W123 imadyeka ndi asidi, ndipo ikabowoka dzimbiri limalowerera ku khoma la pakati pa injini ndi mapazi a wokwera. Mutsukepo ndi madzi a soda wophikira, muumitse, mupake penti ndi sera. Chinanso, maloko a W123 sayendera magetsi koma mpweya woyamwidwa ndi injini, ndipo galimoto ikakhalitsa mphamvuyo imatha. Mukakhoma chitseko cha dalaivala, muzungulire kuyesa zitseko zina zonse ndi buti ndi dzanja.

Handibuleki musakoke. Kumbuyo kwa W123, m'kati mwa madisiki, muli tinsapato tating'ono ta handibuleki, ndipo tikakhala titakanikiza m'chinyezi timamatirira. Pofika Epulo mumamasula chogwirira, galimoto osasuntha. Ikani giya yoyamba, kapena P ngati ndi otomatiki, ndipo mutsekereze matayala ndi zipika kutsogolo ndi kumbuyo. Mafuta a mabuleki nawo amayamwa madzi, n'chifukwa chake amasinthidwa zaka ziwiri zilizonse. Ngati simukudziwa za anuwo, asinthidwe tsopano. Matayala muwapope kuposa masiku onse, cha m'ma 40 psi, osapitirira nambala yolembedwa m'mbali mwa tayala, kuti asaphwatalale pamene akhudza pansi. Kamodzi pamwezi muikankhe galimotoyo pang'ono, ngati theka la mita, tayala ligonere pena, ndipo mukhale m'katimo muponde buleki ndi kilatchi kangapo. Zoikweza pa zitsulo matayala ali lendelende, panja sindikulimbikitsani.

Makoswe ndi mbewa nazo zimafuna pogona pofunda. Zimakonda m'bokosi la fyuluta ya mpweya, m'njira za hita ndi pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo zimatafuna mawaya. Tsekani kukamwa kwa ekizosi ndi kolowera mpweya ndi waya uja wokwechera mapoto, ndipo mulembe kapepala mukamate pa chiwongolero kuti musadzalize musanachotse. Galimoto isayandikane ndi mabini a zinyalala kapena podyera mbalame. Mukapita kukaiona, tsegulani boneti muyang'ane zitosi ndi tizidutswa ta nsalu.

Za mapepala, samalani, chifukwa malamulo a kuno ndi osiyana ndi a kwathu. Galimoto iliyonse iyenera kukhala ndi msonkho wa pamsewu ndi inshuwalansi nthawi zonse, ngakhale isakuyenda, pokhapokha mwadziwitsa a DVLA, ofesi ya boma yolembetsa magalimoto, kuti mwaichotsa pamsewu, chimene amati SORN. Kuchita SORN n'kwaulere, koma galimotoyo siyenera kuima kapena kuyenda pamsewu wa boma ngakhale pang'ono. Kuseri kwa nyumba kwanuko kuli bwino ngati malowo si mbali ya msewu. Koma kwa inu ndikuona kuti SORN ilibe phindu lalikulu. Galimoto yopangidwa mu 1983 inayamba kuloledwa kulowa m'gulu la magalimoto akale osalipira msonkho kuyambira pa 1 Epulo 2024. Onani m'buku lake, V5C, ngati inalembedwa kale m'gululo. Ngati sinalembedwe, muyenera kupempha, sizichitika zokha, ndipo msonkhowo mumaukonzabe chaka ndi chaka ngakhale simulipira kanthu. Zikatero, kusunga inshuwalansi kumakupatsani ufulu woitulutsa tsiku louma lija likapezeka. Mukasankhabe SORN, musaisiye yopanda chitetezo, funsani inshuwalansi ya galimoto yoimikidwa, yoteteza ku moto ndi kuba, ndipo muwauze zoona kuti imagona panja, osati m'galaja.

Epulo akafika, musathamangire kiyi. Chotsani zotsekera zija ku ekizosi ndi kolowera mpweya, tsegulani bokosi la fyuluta muone ngati mulibe chisa. Yang'anani pansi pa galimoto ngati padontha kanthu, yezani oyilo, madzi ndi mafuta a mabuleki, bwezerani mpweya wa matayala pa muyezo wolembedwa kuseri kwa kachitseko ka petulo. Bwezerani batire, pozitivi poyamba, negativi pomaliza. Ikalira, maso anu akhale pa muvi wa oyilo: pa W123 uyenera kukwera mpaka pa 3 m'masekondi ochepa, ndipo ukapanda kutero muzimitse pomwepo. Musaponde mafuta. Tulukani, boneti ili yotsegula, mununkhize ngati pakumveka petulo, muyang'anenso kunsi chakumbuyo kumene kuli pampu ndi mapaipi ake amphira, chifukwa amenewo ndi amene amang'aluka galimoto ikakhalitsa.

Pondani buleki musanasunthe. Ikhale yolimba, isamire. Mamita oyamba mumva kukhwekhwereza chifukwa madisiki achita dzimbiri lapamwamba, ndipo limachoka mukaima kangapo. Mukayenda makilomita angapo, imani, muyandikize dzanja pa gudumu lililonse osakhudza disiki. Limodzi likatentha kuposa anzake, buleki ya pamenepo yagwira, ndipo ulendo wotsatira ukhale wa ku galaja. Ngakhale lamulo limalola kuti galimoto ya zaka zoposa 40 imene sinasinthidwe kwambiri isamapite ku MOT, kupimidwa kwa chaka ndi chaka koona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu, inuyo kaipimitseni ndithu mwezi womwewo. Ikakwezedwa, pemphani kuti nanunso muone kunsi ndi tochi, makamaka mapaipi a mabuleki ndi mabowo anayi a jeke aja, muyerekeze ndi mmene munawasiyira mu Novembala.